Mmene ndinayesera wisiki wa bambo a Nora ndi machesi

Mukadzaona chiphaso changa cha kuntchito, chija ndimakoleka m'khosi, musadzandifunse kuti nsidze zinapita kuti. Ofunsa alipo ambiri, ndipo ndakhala ndikuwanamiza kuti ndi vuto la kamera. Si kamera ayi. Chithunzicho chinajambulidwa Lolemba, ndipo nsidze zanga zinachoka Loweruka masana, pakhonde la nyumba yanga ku South C, mumzinda wa Nairobi, anthu atatu akuona.

Kuntchito kwathu, ku bungwe lina lomwe limathandiza za madzi ku Kibera, kuli mayi wina wa ku Ireland, a Nora. Munthu wabwino mtima, woseka ndi aliyense. Takhala ofesi imodzi zaka zinayi, ndipo Chichewa chimene anakwanitsa kuphunzira ndi mawu awiri basi, zikomo ndi achimwene. Ine ndiye achimwene akewo.

Tsiku lina tikudya nkhomaliro anandiuza za bambo awo. Anati malemuwo ankatcheza wisiki kumudzi kwawo, m'kanyumba ka kuseri kwa khola la ng'ombe, iwo ndi antchito awiri okha. Osati mafakitale akuluakulu aja otulutsa mabotolo ngati njerwa ayi. Balere wa m'minda ya anansi, miphika iwiri ya mkuwa, kutcheza katatu, kenako kutsekera m'migolo ya matabwa n'kudikira zaka. Ankafotokoza maso akuwala, ngati akunena za bambo amene anali dokotala.

Apa mpamene ndinayambira kulakwa. Mayi anga nawonso ankatcheza. Kachasu, ku Ntcheu, kuseri kwa nyumba, ndi mgolo wakuda bii komanso paipi yodutsa m'madzi ozizira. Kachasuyo ndi amene anandiphunzitsa sukulu mpaka ndinafika ku Nairobi kuno. Koma moyo wanga wonse sindinauzepo munthu. Akandifunsa ndinkati mayi ankachita geni (si bodza, koma si zoonanso). Ndiye kumva mzungu akunyadira bambo wake wotcheza mowa, china chake chinandidumpha pamtima.

"Ifenso kwathu ndi akatswiri a zimenezo," ndinatero. "Mayi anga anali ndi kampani yaing'ono ya pabanja. Ine ndakulira momwemo. Chakumwa chabwino ndimachidziwa ndisanachilawe n'komwe."

Kampani yaing'ono ya pabanja. Mayi akanandimva akanandigenda ndi chikuni.

A Nora anasangalala kwambiri. Patapita milungu ingapo anabwera pa desiki panga n'kunena motsitsa mawu kuti Loweruka likubwerali chikwana chaka chathunthu bambo awo atamwalira. Kanyumba kaja kanatsekedwa, miphika inagulitsidwa. Mabotolo a mgolo womaliza anagawana ana, ndipo iwo anatsala ndi botolo limodzi lokha. Sankafuna kulitsegula okha m'nyumba yalendi. Ankafuna kumwa ndi munthu wodziwa ntchitoyo.

Ndinawaitanira kwathu. Ndinaitananso a Kumwenda, mnzanga wa ku Mzimba amene amakhala ku Utawala, kuti adzaone mmene mnzawo amalemekezedwera ndi azungu. Akazi anga, mayi a Tadala, anayala patebulo chitenje chawo cha chigwirizano chimene amasungira alendo, n'kukazinga nyama ya mbuzi. Ine ndinameta ndevu, ndinavala shati yoyera. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

A Kumwenda anafika mochedwa, akudandaula za mzere wa magalimoto pa Bypass ndi kondakitala wa matatu, minibasi ya kuno, amene anawatsitsa pakati panjira. Tinakhala pakhonde cha m'ma thuu koloko, dzuwa lili phwee mpaka patebulo. Dzuwa limeneli mulikumbukire.

A Nora anatulutsa botolo m'chikwama, litakulungidwa mu juzi. Linalibe zithunzi zokongola. Kapepala koyera basi, kolembedwa pamanja ndi bambo awo. Anatiuza kuti wisikiyo anagona mumgolo zaka khumi ndi zinayi, ndipo bambowo anamuthira m'botolo mmene anatulukira, osamufewetsa ndi madzi ngati wa m'sitolo. Anathira pang'ono pang'ono m'matambula anayi, muyezo woti mwana akhoza kumwera mankhwala a chifuwa. Mayi a Tadala samwa, koma analandira ndi manja awiri mwaulemu n'kungoigwira.

"Muyambe mwanunkhiza," a Nora anatero. "Kenako kadontho palilime, mudikire. Amalankhula mochedwa ngati mwini wake."

A Kumwenda anamvera. Ine katswiri sindikanaphunzitsidwa kumwa ndi munthu. Kwathu chakumwa chaukali sachinyengerera. Ndinapendeketsa tambula, gwa, kamodzi. Abale, mmero unatsekeka. Misozi inatuluka yokha, makutu analira, ndipo kwa kanthawi sindinadziwe ngati ndili ku Kenya kapena kwina. Kukoma sindinakumve ngakhale pang'ono. Koma ndinagwedeza mutu mwaukadaulo.

"Mwamuona bwanji, achimwene?" anafunsa a Nora.

Munthu wanzeru akanati ndi wabwino, n'kutenga nyama. Ine ndinati pakamwa pamanama. Ndinati kwathu tili ndi njira yoyesera imene sinama. Mayi akatcheza, botolo loyamba kudontha, limene timati mutu, ankathirako pang'ono pansi n'kuyatsa machesi. Likayaka, ndiye mutu weniweni, makasitomala ankachita kulimbirana. Likapanda kuyaka, ndiye kuti wina wathiramo madzi.

"Bambo a Tadala," akazi anga anatero, "tadyani nyama."

M'banja mwathu mawu amenewo amatanthauza kuti khalani pansi. Ndinawamva bwinobwino. Ndinapita kukhitchini kukatenga machesi ndi sosala.

Sindinafune kudetsa matailosi, ndiye ndinaika sosala patebulo, pamwamba pa chitenje chija. Ndinapempha botolo. A Nora anazengereza pang'ono, koma anandipatsa, pakuti ndinali katswiri. Ndinathira, ndinakhwatcha machesi, ndinagwetseramo. Tonse tinaweramira. Kamtengo ka machesi kanada n'kupindika. Mu sosala munalibe chilichonse chooneka. Lawi ayi, utsi ayi.

Chimene sindinachikumbukire n'choti mayi ankayesera m'chisakasa chamdima. Moto wa chakumwa chaukali ndi wabuluu wofooka, padzuwa suoneka. Sosalayo inali ikuyaka bwinobwino pamaso pathu. Ine zimenezi ndinazidziwa mochedwa.

Ndinaweramuka, ndinakonza kolala, n'kunena mawu amene mpaka lero amandidzutsa ndikagona.

"Pepani a Nora. Sindikufuna kunyoza malemu. Koma umu munalowa madzi."

Nkhope yawo inasintha. Sanakalipe. Anangoyang'ana botolo lili m'manja mwangamo n'kunena kuti, "Bambo anga sanathirepo madzi mumgolo umenewo." A Kumwenda anayamba kuyang'anitsitsa fupa la mbuzi ngati lalembedwa nkhani. Ndinazindikira kuti ndaponda pamoto (sindinadziwe kuti motowo unalidi pomwepo), ndiye ndinafuna kukonza zinthu.

"Mwina ndinathira wochepa," ndinatero. "Tiyeni timupatse mwayi wachiwiri."

Ndinaweramira pafupi kuti ndionetsetse, n'kupendeketsa botolo pamwamba pa sosala.

Phokoso lake linali laling'ono, ngati munthu wakung'untha mkeka. Kutentha kunandimenya kumaso, ndinamva fungo la nkhuku yowauka, ndipo pakamwa pa botolo panatuluka lawi. Dzanja silinafunse nzeru kwa mutu. Ndinaliponya. Botolo lomaliza la bambo a Nora linauluka, linagunda mwendo wa tebulo, n'kuphwanyika pamatailosi.

Pansi pa tebulo panali mthunzi, ndiye pamenepo moto tinauona tonse. Wabuluu, wokongola, ukuyenda mwakachetechete kutsatira wisiki kulowera kumapazi athu. Chitenje cha chigwirizano chinagwira m'mphepete. A Kumwenda, munthu wa digiri ziwiri, ananyamula mbale ya nyama n'kuthawira nayo kugeti. Ine ndinangoima ndikudzimenya makofi kumaso. Mayi a Tadala okha ndiwo anali ndi mutu. Anayamba aika kaye tambula yawo pawindo, bwinobwino, kenako anatenga bulangete limene linali m'beseni la zochapa n'kuvundikira moto wonse. Unazima nthawi yomweyo.

Mlonda wa pageti anasuzumira pampanda n'kufunsa m'Chiswahili ngati kuli bwino. Akazi anga anamuyankha kuti tikuwotcha nyama.

Pakhonde ponse pamanunkhira bwino kwambiri, uchi, matabwa, ndi tsitsi langa. A Nora anagwada n'kukweza bulangete. Anatola chidutswa cha botolo chimene chinali ndi kapepala kaja. Kanali katapsa theka, koma dzina la bambo awo limawerengekabe. Anachigwira ndi manja awiri.

Ndachitapo manyazi m'moyo uno, koma amenewa anali amtundu wina. Ndinachita mantha enieni. Munthu wandikhulupirira, wabwera ndi bambo ake m'juzi, ine ndawatukwana kenako ndawatentha. Ndinachita chimene ndinaphunzitsidwa ndili mwana. Ndinagwada pamatailosi onyowawo, shati yoyera ija itada tsopano, manja pamodzi. Chizungu chonse chinandithawa. Ndinangoti pepani, pepani, pole, pepani.

A Nora anandiyang'ana. Misozi inali ikutsika. Kenako anafunsa, "Ndiye wayaka?"

"Wayaka," ndinayankha.

"Nenaninso zija munanena za bambo anga."

"Sanathire madzi. Ngakhale dontho. Ndi mutu weniweni."

Anayamba kuseka akulira, mapewa akugwedezeka, mpaka anakhala pansi pomwepo. Sindinganame kuti kusekako kunandimasula ayi. Kunandipweteka kuposa akanandimenya mbama, chifukwa ankaseka atagwirabe kapepala kaja.

Mayi a Tadala anapita pawindo n'kubwera ndi tambula yawo. Ndi wisiki yekhayo amene anatsala wa m'botolo lija, pakuti wa a Nora anatayika pa chipwirikiti ndipo wa a Kumwenda anali atalowa kale m'mimba. Anamupereka kwa a Nora atanjuta. Ine ndinayang'ana kumbali, podziwa kuti si gawo langa.

A Nora ananunkhiza, ananyambita pang'ono, anatsinzina. Kenako anandifunsa kuti, "Mayi anu aja, dzina lawo ndani? Ndipo mundiuze zoona, kampaniyo inali yotani?"

Ndinawauza. Dzina, mgolo wakuda, paipi, madeya ndi shuga, nkhuni zimene ankasenza, maso awo amene anafiira ndi utsi mpaka imfa, ndi mmene ndinkawadutsira pamsika ndikakhala ndi anzanga a ku sekondale. A Kumwenda, amene anali atabwerera ndi nyama, anamva zonsezi koyamba, ndipo sanaseke.

"Ndiye timwere onse awiri," a Nora anatero, n'kundipatsa tambula. "Koma ulendo uno pang'onopang'ono, achimwene."

Munali kadontho kokwanira kunyowetsa lilime. Ndinanunkhiza, ndinaika palilime, ndinadikira monga anandiuzira poyamba paja. Anayamba ndi kuwawa, kenako kunabwera kutsekemera ngati kwa chinangwa chootcha, kenako fungo la matabwa akale, kenako kutentha kofatsa kumene kunakhala pachifuwa nthawi yaitali. Ndinadabwa mpaka kukamwa yasa. Zaka khumi ndi zinayi za munthu zinali mmenemo. Ndipo pamenepo mpamene ndinadziwa chimene ndinatentha, chifukwa nthawi yonse ija ndinali ndisanamulawe.

A Nora tikugwirabe limodzi ntchito, ndipo akunditchulabe achimwene. Kapepala kaja anakaika mu fulemu pa desiki pawo, moyang'anizana ndi pamene ndimakhala, moti ndimakaona tsiku lililonse. Chitenje cha chigwirizano sindinakhululukidwe nacho. Machesi kunyumba kwathu amasungidwa pamalo amene sindikuwadziwa. Safunsa anadya phula, ine ndinadya nsidze.

Masiku ano munthu akandifunsa za mayi ndimati ankatcheza kachasu ku Ntcheu, ndipo wawo ankayaka. Ndimanena mokweza ndithu. Kungoti zinatengera botolo lomaliza la bambo wa mwini kuti ndiphunzire kunena zimenezo, ndipo nsidze zinameranso patatha miyezi iwiri, koma botololo silinamerenso.