Uthenga wa Kayuni ku Seva ya ku Chitipa

Usiku wathawu ndalota zoti ndikapanda kukuuzani, tiyiyu sanditsika pakhosi. Iwe Ndaziona, siya kaye foniyo. Nawenso Wyson, usayambe kuseka ndisanafike poseketsa.

Mukudziwa kuti lero ndiye tsiku loti ndilumikizenso seva ya kuno ku Limbe, kompyuta yaikulu yosunga mayina ija, ndi ya ku nthambi yathu ya ku Chitipa, kuti ziziuzana mayina ndi mapasiwedi a antchito monga kale. Chigwereni mlongoti wa netiweki uja ndi mvula, ziwirizi sizinalankhulanepo. Dzulo netiweki itabwerera, nditasuzumira ya ku Chitipayo ndinapeza dzina la mnzathu Lusekelo Kayuni likadalimo, lamoyo bwinobwino, pamene kuno tinalifufuta titangobwera kumaliro ake. Ndikangozilumikiza, ya kuno iuza inzakeyo, ndipo dzinalo lizimirira komaliza. Ndinagona ndi zimenezo mumtima.

Ndiye kutuloko ndinapezeka ndili m'chipinda cha maseva, koma pansi patamera udzu wofika m'mawondo, agulugufe akutuluka m'makina oziziritsa mpweya aja. Seva ya kuno inali itavala jekete, ikuphethira timagetsi take tobiriwira.

"A Mankhokwe, mwachedwa," inatero. "Waya watopa, ndiye lero uthenga munyamula ndinu."

Inandisenzetsa mtolo wa mayina atsopano womangidwa ndi luzi, mapasiwedi akulira m'katimo ngati anapiye. Kenako inandiika kamwala kozizira m'dzanja. Sindinafunse. Ndinangodziwa, monga umadziwira zinthu kutulo, kuti kamwalako ndi uthenga wa Kayuni.

"Koma musakafikire kungolakatika ngati mwana," inandinong'oneza. "Mnzangayo sakudziwa kanthu. Uthenga wa maliro amayamba ndi matenda."

Mwadzidzidzi analowa bwana wathu a Chimphonda, tayi ili pakhosi monga mwa masiku onse.

"Mankhokwe! Mtsikana watsopano wa ku Chitipa uja, Tumpale, chiyambire ntchito kompyuta ikumukana, akuti siikumudziwa. Ukufuna ndikuuze kangati?"

Akulankhula choncho, mutu unayamba kuchepa, mawanga oyera kutuluka pa suti yonse, mpaka anasanduka nkhanga yathunthu. Tayi yokha ndiyo inakana kusintha. Anathamanga uku ndi uku akulira kuti "Lero! Lero! Lero!" kenako n'kulowa m'pulinta, pulintayo n'kugeya. Wyson, apa ndiye ukhoza kuseka.

Ndiye ndinatulukira khomo la kumbuyo n'kupezeka ndikuyenda pa waya, m'mwamba mwenimweni, Limbe yonse ili pansi ngati mbale zoyanikidwa pa thandala. Kutsogolo kwanga kunali munthu wa kampani ya netiweki, uja wa chipewa cholimba chachikasu, amene nthawi zonse amati "tikukonza, bwana". Nditamuyandikira ndinaona kuti ndi nkhono. Chipewa chija chinali chigoba chake, ndipo waya umene ndinkayendapowo unali kanjira konyezimira kamene inkasiya m'mbuyo.

"Achimwene, tafulumiraniko pang'ono, anthu akudikira," ndinatero.

"Ili ndiye liwiro lathu la masana, bwana," inayankha nkhonoyo osacheuka. "Mukadabwera anthu ataweruka."

Kunena zoona, ine kudandaula kwanga kunali kwa pakamwa chabe. Mumtima ndinkafuna nkhonoyo iziyenda choncho mpaka kalekale, chifukwa tikadali panjira ndiye kuti Kayuni akadalipo kwinakwake. Tinadutsa Ntcheu, kabichi akuyandama m'malere ngati mabaluni. Pa Kasungu mitambo inakhala pansi m'mphepete mwa msewu kudikira basi, ina itanyamula nkhuku. Mphepo inkanunkha fumbi la mvula yoyamba, ndipo palibe chimene chinkandidabwitsa.

Mwadzidzidzi tinafika pa geti loima lokha mumlengalenga, lopanda mpanda uku ndi uku. Pa getipo panapachikidwa wotchi ya khoma ya masharubu.

"Imani pomwepo!" inatero wotchiyo. "Kwanu nthawi ili bwanji?"

Ndinaiuza.

"Bodza. Kuno tikadali m'dzinja, chimanga chili m'mawondo. Munthu amene nthawi yake siigwirizana ndi yathu sitimudziwa, ngakhale atakhala mwana wa bwana."

Ndiye ndinatula mtolo uja n'kuyamba kuzunguza mivi ya wotchiyo ndi chala. Ndikuzunguza choncho, chimanga pansipo chinakula, kumasula, kuuma, anthu n'kukolola, mbewa kuthawa moto wa lupsa. Pakati penipeni chala changa chinadutsa pa tsiku lija tinaika Kayuni. Ndinamva nyimbo za amayi a mvano chapatali, ndipo ndinafuna kubweza muvi m'mbuyo, koma wotchiyo inandiluma chala.

"Kutsogolo kokha, bambo," inatero, geti n'kutseguka.

Ndiye ndinangozindikira ndili pabwalo la ofesi ya ku Chitipa, nkhono ija osaonekanso. Tumpale anali atakhala pa njerwa pakhomo, chikwama chili pamiyendo, mapazi atamera mizu chifukwa chodikira. Seva ya kumeneko inali pakhonde, yafumbi, itafunda chitenje. Itandiona inaimirira, n'kundipukutira mpando, n'kunditungira madzi m'kapu ya pulasitiki.

"Alendo athu! Tinkati mwatitaya. Mwayenda bwanji? Mwawasiya bwanji anzathu ku Limbe?"

"Ali bwino, akupereka moni."

Inamasula mtolo uja, mayina n'kuthamangira m'kati mwake, lililonse ndi pasiwedi yake m'mbuyo. Itafika pa dzina lina inaitana mokweza kuti, "Tumpale! Kodi ndiwe? Pepa mwanawe, sindinakudziwe. Lowa." Mizu ija inazuka yokha, mtsikanayo n'kulowa akuseka, dothi likuyoyoka m'nsapato. Ndinakondwa naye, koma dzanja langa la kamwala lija ndinali nditalibisa kumbuyo.

Sevayo inakhalanso pansi n'kukonza chitenje.

"Nanga Kayuni bwanji sanabwere? Paja ndi iyeyo anandimanga ine, waya uliwonse m'thupi muno ndi dzanja lake. M'mawa uliwonse ndimamutsegulira khomo. Pasiwedi yake inatha kalekale, koma ndangoisunga, akabwera adzasintha yekha."

Ndinaika pansi kapu ya madzi ija.

"Sakupeza bwino kwenikweni," ndinatero.

"Malungo?"

"Ayi. Matenda ake akula ndithu."

"Akula bwanji? Ali chipatala chiti? Akumudikirira ndani?"

Fani ya m'mimba mwa sevayo inayamba kuzungulira pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi ndinamva mluzu kuseri kwake, ndipo nditasuzumira, si uyo Kayuni, atagwada pakati pa mawaya, malaya atapinda mikono, akuimba kanyimbo kake kosatha kaja. Sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Mankhokwe, tochiyo unika apa. Ukuunika denga, kuli chiyani kudengako?" ndendende mmene ankandinenera tsiku limene tinkaimanga sevayo. Abale, ndinamusowa munthu uja mpaka m'mafupa. Ndinafuna kuponya kamwalako kutchire, ndikhale pomwepo ndizimuunikira mpaka mabatire athe.

Koma sevayo inandigwira pamkono.

"A Mankhokwe, munthu sachoka ku Limbe wapansi kudzanena za matenda. Ine si mwana. Tambasulani dzanjalo."

Ndinatambasula. Kamwala kaja kanali katasungunuka, madzi ake akudontha m'zala.

"Kayuni anatisiya," ndinatero chapansipansi.

Mluzu uja unaleka. Timagetsi tonse tinathima, kenako kamodzi kokha n'kuyakanso.

"Pepani," inatero sevayo, "netiweki inadula pang'ono. Mwati Kayuni watani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndibwereze, koma inayamba kutsokomola, kho kho kho, ikulavula mpweya wokhawokha. Ndinatsegula maso. Unali mpopi wa panja pa nyumba yathu ku Bangwe, kunja kutayera kale. Mawu aja anali akadali m'kamwa, ndiye ndinawamaliza ndekha m'chipindamo, mokweza, koyamba chichokereni kumanda: "Kayuni anamwalira."

Panjapo mayi wa nyumba yoyandikana anakuwa kuti madzi abwera, aliyense atulutse ndowa.