Lole imene inkatonthola tikakwera

Achimwene anga anali ndi lole yakale yonyamulira matemba ouma kuchoka ku Chiuta kupita ku Balaka. Msewu wake unali woti masipuling'i akumbuyo ankangothyoka, ndiye iwo anawonjezerapo ena, lole n'kutukuka kumbuyo ngati nkhuku ikujompha. Pasanapite nthawi inayamba kulira pansi pa mpando wa dalaivala, ndipo beringi ya giyabokosi anasintha, koma yatsopanoyonso inadyeka.

Tsiku lina anatinyamula amayi a mpingo wathu kupita kumaliro ku Phalula. Pobwera kudzatitenga tinaimva ikadali kutali, koma titangodzazamo n'kuyamba nyimbo, kulira kuja zii. Tinasiya kuyimba kuti timvetsere, zii ndithu. Inu mukanaganiza chiyani? Ine Lamulungu lotsatira ndinaimirira m'tchalitchi n'kuchitira umboni kuti nyimbo za amayi zachiritsa lole, ndipo achimwene ndinawaletsa kupitanso kwa makaniko.

Lolemba inalira kuposa kale. Ndinati mwina yasowa nyimbo, ndiye ndinakwera ndekha kumbuyo pakati pa madengu a matemba, lole ikulira, ine ndikukweza mawu, mpaka pa Liwonde pomwe anyamata ofunsa makhadi a chipani anaiwala za khadi n'kufunsa achimwene ngati akupita nane kuchipatala. Ndinafika ku Balaka mawu atasasa, chitenje chikununkha nsomba.

Achimwene sanandifunsenso, anangokhotera kwa Che Saidi, makaniko wachisilamu wofatsa kwambiri. Ndinena monga ananenera, sindiwonjezera. Analowa pansi n'kugwedeza shafiti, chitsulo chachitali chochokera ku giyabokosi kupita ku mateyala akumbuyo, ndipo anati masipuling'i owonjezera aja aipendeketsa, ndiye ikamazungulira imakokera beringi kumbali n'kumaidya. Matemba ndi opepuka, satsitsa lole kuti shafitiyo iwongoke. Kenako anakwezamo matumba a chimanga a munthu wina amene ankadikira ulendo, anayendetsa, lole zii.

Atatsika anandiyang'ana mwaulemu. "Mayi, chimangachi chimapemphera mpingo wanji?"

Ndinafunsa ngati akutanthauza kuti sizinali nyimbo zathu.

"Iyayi, mayi, kunali kulemera kwanu. Amayi a mpingo wanu Mulungu anawadalitsa."

Masipuling'i owonjezera anachotsa, beringi anaika ina, kulira kunatha. Nkhani inafika kumpingo ine ndisanafike, ndipo akulu ena anandiuza kuti ndikabweze umboni wanga pamaso pa anthu. Ndinaimirira ndithu, amayi anzanga atabisa nkhope m'zitenje, ndipo ndinati umboni sindibweza. Lole inatonthola ife titakwera, zimenezo munaziona nonse, ndipo ngati kunali kulemera, anatipatsa matupi amenewa ndani? Achimwene anatsokomola mpaka kutuluka panja.

Mpaka lero sindinabweze. Koma ndinalonjeza Ambuye kuti chilichonse cholira pansi pa galimoto, ndisanachitire umboni, Che Saidi ayambe alowapo kaye.