Bambo Sailesi, Mlaliki Womata Mabwato

Mwera ukayamba mu Juni, nyanja safuna alendo. Mabwato amakokedwa kumtunda, maukonde amasokedwa pamchenga, ndipo aliyense wa bwato lodontha amafuna womata. Kwathu ku Ngala womata anali mmodzi, malemu Bambo Sailesi, mkulu wa mpingo. Mbiri yawo inali iyi: sankamata bwato osalalikira mwini wake. Phula likangokhala pamoto, ulaliki wayamba, ndipo unkatha phulalo likauma. Tsono phula la a Sailesi linkauma mochedwa kuposa phula lina lililonse m'boma la Nkhotakota.

Kothawira kunalibe. Ankakugwiritsa nsanza pamng'alu n'kunena kuti, "Mukasiya, tiyambiranso." Akuti msodzi wina wa ku Mwadzama anabwera ndi ming'alu itatu ali mnyamata, anabwerera kwawo ndi imvi.

Mutu wa ulaliki unali umodzi zaka zonsezo: Mulungu amachita chimene wafuna, ndipo chimene amachifuna kwambiri ndi kuchita chifundo. Ngakhale che Amiri, Msilamu, mnzawo wa paubwana, sankapulumuka.

"A Sailesi, mwaiwala kuti ndine wa kumzikiti? Swala ikundipita."

"Pitani mukaswali, che Amiri. Ndaima pa mfundo yachiwiri, mudzaipeza pompano."

Ndipo ankaipezadi, isanasunthe.

Koma amene ankamva maulaliki ambiri kuposa tonse anali Fidelis, mwana wa Mayi Keti, bambo wa ndevu zake amene mpingo unamudula chifukwa cha kachasu. Kwathu munthu wodulidwa akamwalira, mpingo suimba, sulalikira, amapita kumanda chete. Ichi ndicho chinkawaonda Mayi Keti. "Mwana wanga adzatayidwa ngati nkhuku ya chitopa," ankatero.

Bwato la Fidelis linali phula lokhalokha, mtengo unali wongoyerekeza. Ming'alu ina inkaoneka ngati ya mpeni. A Sailesi ankaiona, osafunsa kanthu.

"Madala," anatero Fidelis tsiku lina, fungo la kachasu litatsogola, "mwati Mulungu anasankha kale ake?"

"Eya."

"Ndiye ngati ndilimo, ndilimo. Ngati mulibe dzina langa, ndisiyeni ndizimwa."

"Bwato lakoli linabwera lokha kuno?"

"Ayi, ndachita kulikoka."

"Lapepesa?"

"Bwato n'kupepesa, madala?"

"Nanga ine ndikulimatiranji? Gwira apa, usandithere phula."

Fidelis anaseka mpaka kutsokomola, koma nsanza sanaisiye.

Chaka china mwera unabwera msanga, mapira asanaume. Unapeza Fidelis ali pakati pa nyanja. Mtembo wake tinaupeza tsiku lachitatu kufupi ndi kumene mtsinje wa Dwangwa umathira. Akulu a mpingo anakumana pansi pa mtengo wa mango, natsegula buku la malamulo, nagamula monga mwa nthawi zonse: palibe nyimbo. Mayi Keti sanalire mokweza. Anangofunda chitenje kumutu.

Kumanda kunkamveka mphepo yokha. Bokosi litatsitsidwa, adzukulu atagwira makasu, a Sailesi anatsokomola n'kuima pamulu wa dothi. Mdzukulu wina anaponya khasu pansi. "Anzanga, khalani pansi," anatero monong'ona, "tituluka muno mawa."

"Akulu anzanga aweruza monga mwa buku," anayamba a Sailesi, "ndipo buku sindikulitsutsa. Koma ndani mwa inu anali naye m'madzi muja? Bwato litagubuduzika anatsala awiri, Fidelis ndi Mwini nyanja. Zimene anakambirana sanatiuze. Ine ndikudziwa chimodzi chokha. Mwiniwakeyo akafuna kuchita chifundo, sayamba waitanitsa msonkhano wa akulu."

Basi, ulaliki unathera pomwepo. Mdzukulu uja anali asanapeze n'pokhala pomwe.

Kenaka a Sailesi anayambitsa nyimbo, ndi mawu awo aja onga nkhafi yokhula m'mbali mwa bwato. Mzere woyamba anaimba okha. Wachiwiri Mayi Keti anachotsa chitenje kumutu n'kulowamo. Pofika wachitatu manda onse ankaimba, ndipo akulu awiri ankayendetsa milomo akuyang'ana kumbali. Che Amiri anaima patali, manja kumbuyo, mpaka nyimbo inatha.

Sabata yotsatira mpingo unawaimitsa a Sailesi paukulu miyezi isanu ndi umodzi. Tinapita kukawapepesa, koma tinawapeza akuseka.

"Mlandu ndi wanga, ndinaudziwa ndisanaime," anatero. "Koma taonani chifundo chake! Zaka makumi atatu akhala akundipempha kuti ndifupikitse. Ndafupikitsa kamodzi, andiimitsa."

Anamwalira mu Febuluwale chaka chatha, mpunga ukutulutsa ngala m'madambo. Anadwala masiku anayi okha. Ana awo atawafunsa za malo oti adzaikidwe, anakana kugona pakati pa akuluakulu a mpingo. Anasankha kumalire, pafupi ndi Fidelis. "Ine ndi ameneyo sitinamalize," anatero. "Tinatsala ndi mfundo ziwiri."

Pamaliro awo panalalikira abusa ochokera kutali, mwadongosolo, mphindi makumi awiri ndendende. Anthu anabalalika dzuwa lidakali pamutu, akuyang'anana ngati awamana kanthu.

Masiku ano kugombe anthu amamaliza zawo msanga n'kubwerera kunyumba. Palibe wotigwira pamkono, palibe wotichedwetsa. Munthu akalakwa, nkhani yake imayenda mudzi wonse, ndipo sipapezeka woidula pakati ndi funso lopusa lija loti pambuyo pake umagona nalo.

Udzu wauma tsopano. Dzulo m'mawa ndinadutsa njira ya kumanda, ndinaona Mayi Keti ndi khasu lawo laling'ono. Analambula manda a mwana wawo, nasunthira pa oyandikana nawo, a Bambo Sailesi, nalambulanso. Anasonkhanitsa udzu pamodzi, nakautaya kuthengo, nagogoda khasu pamwala kuti dothi ligwe.