Bokosi la Muwanga

Amene akuti ndikunama apite kumanda kwathu ku Likhubula akaponye mwala m'dzenje lili pafupi ndi nsungwi, akaumva ukufika pansi abwere adzandilavulire kumaso. Ine matabwa ndayamba kuwasenza m'phiri ili ndisanamere ndevu, kulemera kwa mtengo ndimakudziwa pongoununkhiza.

Mkazi wanga, amake Joyisi, matenda atakula anati, "Bambo, bokosi langa likhale la mkungudza. Ndi wopepuka, onyamula asavutike." Ndinavomera pakamwa, koma mumtima ndinati mayi ngati awa sangagone m'thabwa wamba.

Atatisiya ndinatenga matabwa atatu kukawayesa padziwe. La paini linayandama n'kuthawa ndi madzi, mawa lake analiona ku Mozambique lilibe ndi pasipoti yomwe. La mkungudza silinakhudze n'komwe madzi, mphepo inaliulutsa mpaka ku Sapitwa. Koma la muwanga linamira, dziwe lonse n'kumira nalo, nsomba n'kutsala pamchenga zikuyang'anana. Mukumva? Ndinati mtengo ndi umenewu.

Sowo inatha mano, misomali inapindika ngati udzu, koma bokosi ndinakhoma, ndipo amuna a mudzi wonse atalephera kulinyamula tinabwereka thirakitala kumunda wa tiyi, matayala onse n'kuphulika, mpaka ndinalisenza ndekha pamutu, miyendo ikulowa m'dothi mpaka m'mawondo, n'chifukwa chake mukundiona wamfupi chonchi. Potsitsira m'manda zingwe zinaduka, bokosi linaboola pansi n'kumapita, likupitabe mpaka lero. Kugunda mumamva m'phiri nthawi ya mvula kuja si mabingu ayi.

Ndinkayenda modzitukumula mpaka tsiku lina abusa analalikira za lipenga lomaliza, kuti akufa adzakankha zivundikiro za mabokosi awo n'kutuluka. Pabenchi pomwepo ndinayamba kuganiza. Amake Joyisi, ndi manja awo a nyamakazi aja, ngakhale chitseko chathu ndinkawatsegulira ndine. Nanga muwanga adzaukankha bwanji? Mtima unandiwawa, ndipo ukundiwawabe. Mayi aja anapempha chinthu chimodzi chokha.

Ndiye inu mukusekanu, mvetserani. Ndikafa, bokosi langa likhale la paini, wotchipa yemweyo, ndipo musakhomepo msomali. Mundiike pafupi ndi dzenje lija, mundipatse chingwe ndi nkhwangwa. Lipenga likadzalira, nonsenu muzidzakwera kumwamba, musandidikire. Ine ndidzayamba ndatsika kukawatsegulira.