Sabata Imene Tinabisa Umphawi wa Chipatala

Lolemba

Nkhani yabwino! A kuboma andiimbira foni: Lachisanu kukubwera alendo a bungwe lina lothandiza zipatala za kumudzi. Akuyendera zipatala zingapo kuno ku Machinga ndi ku Balaka, kenako asankha chimodzi, chovutikitsitsa, achikonzere chipinda chochirira amayi. Akuti amayang'ana denga, madzi, magetsi, mabedi ndi kutalika kwa msewu wopita kuchipatala chachikulu.

Ndaseka ndekha. Mpikisano wa umphawi? Uwu wokha sitingagonje. Zida zathu:

- denga la kumatenite, loti dzuwa limalowa osaodira
- mabedi opanda matiresi
- sola yoti inafa kalekale
- mjigo wolira ngati mbuzi yomangidwa
- mileme

Dzinja lathali ndinabereketsa mayi wina mlamu wake atatigwirira ambulera. Chaka chino iyayi. Pulani yanga ndi yophweka: munthu asakhudze kanthu mpaka alendo aone. Mzamba pano ndine ndekha, andimvera.

Lachiwiri

Ndafotokozera komiti ya chipatala. Che Saidi, wapampando, akugwedeza mutu mpaka kumapeto, ine n'kumati tamvana. Potuluka ndikuwamva akuuza anzawo: "Alendo a pagalimoto adzaone zimenezi? Azikati kuno ku Chikweo kulibe amuna?"

Masana udzu wonse wa pabwalo watchetchedwa. Miyala ya m'mbali mwa njira yapakidwa laimu. Ngakhale mtengo wa mango aupaka mpaka m'chiuno. Mtima pansi. Udzu si nkhani, denga likadali lathu.

Lachitatu

Abiti Jafali atulukira ndi gulu lawo lonse la amayi. Zidebe, matsache, nyimbo. Ndikuwauza kuti fumbili ndi umboni. Akundiyang'ana ngati ndadwala malungo a m'mutu. "Anamwino, ngakhale wopemphetsa amayamba wasamba."

Zimene zatayika lero:

- akangaude onse
- mileme (aifukiza ndi utsi wa tsabola)
- chidontho chakuda cha pakhoma, chimene ndimafuna kuyambira polozera alendo

Zimene zabwera: matiresi a m'nyumba za anthu, ena akadali ndi mapepala a kusitolo, ndi nsalu zoluka maluwa zoyala pa mabedi. Matenite ikuoneka ngati chipinda cha mkwatibwi.

Ndabisa bedi limodzi lothyoka mwendo kuseri kwa chimbudzi. Ndidzalitulutsa Lachisanu m'mawa.

Lachinayi

Bedi lija wowotcherera wa pamsika walipeza. Waliwotcherera ulere, waima pakhomo kudikira kuti ndimuthokoze. Ndamuthokoza, ndikanatani?

Kenako phokoso padenga. Kutuluka, Che Saidi ali pamwamba ndi hamala! Abweretsa malata amene anagulira nyumba yawo atagulitsa thonje. Ndakuwa mpaka mawu kusasa. Iwo ali phee: "Tangobwereka, anamwino. Alendo akapita tikhomola."

Mwini nyumba ya kanema wabwereketsa sola ndi batire. Mjigo authira girisi, wasiya kulira. Ndakwiya kwambiri moti ndalephera kudya. Anthuwa amandikonda, amakonda chipatala chawo, ndipo akuchipha ndi chikondi chomwecho.

Chiyembekezo chatsala ndi a Mulipa, alonda athu. Palibe wodandaula kuposa iwo m'dera lino. Alonjeza kuti akafunsidwa anena zonse.

Lachisanu

Afika! Magalimoto oyera, makamera, mayi wamkulu wa magalasi amene akutsogolera. A Mulipa avala suti ya kutchalitchi. Amayi akuvina pachipata. Ngakhale oyembekezera a kuchidikiro amanga zitenje zatsopano, akuwala ndi mafuta. Patebulo mpunga, nkhuku, nsomba za kunyanja ya Chiuta.

Mayi wa magalasi akufunsa a Mulipa za mavuto a pano. A Mulipa, amene amadandaula ngakhale tiyi akatsekemera, avula chipewa: "Mavuto sangalephere, bwana, koma ndi ang'onoang'ono."

Ndawakokera alendo kumatenite. Ndikuti denga ili limadontha. Akuyang'ana m'mwamba: malata akung'anima. Ndikuti magetsi kulibe. Wina wadina paswichi, babu layaka. Ndikuti zonsezi n'zobwereka! Che Saidi andiponda chala, akuseka: "Anamwino athu ndi anthabwala." Alendo nawo aseka.

Potsanzikana mayi uja wandigwira dzanja mwachikondi. Akuti chiyambire ulendo wawo sanaone anthu odzidalira ngati ife. Che Saidi apita kumzikiti akuyenda ngati apambana chisankho.

Loweruka

Wandiimbira mnzanga wa pachipatala china cha kufupi ndi Ulongwe. Kwawo anaiwala n'komwe kuti kukubwera alendo. Anawapeza akuthamangitsa mbuzi muwodi, mpando wokhalira mlendo palibe. Akuti mayi wa magalasi anapukuta misozi. A kuboma amunong'oneza kale kuti matenite yatsopano ndi yawo.

Ife? Zithunzi zathu azikaonetsa m'midzi ina, anthu aphunzire kudzidalira.

Ndamuyamikira mnzangayo, amayi a kwawo nawonso ndi anthu. Kenako ndalowa mosungira mankhwala, ndalira pang'ono. Manyazi anapha lambe.

Panja eni katundu ayamba kutenga zawo. Matiresi akutuluka pa njinga. Sola yabwerera kukanema. Abiti Jafali akupinda nsalu zawo zoluka, akundifunsa mosangalala kuti thandizo lifika liti. Ndawauza. Akhala pansi pakhonde.

Lamulungu

Mitambo yakuda ikuchokera cha ku Chiuta. Muwodi muli mtsikana wa kutsidya kwa dambo, wachira m'mawa uno. Mwana wamkazi, mawu ngati wa kwaya. Agona pamphasa yoyala pabedi.

Che Saidi afika ndi makwerero ndi hamala, kudzakhomola malata awo. Nkhani ya Ulongwe aimva kale, sakundiyang'ana kumaso. Aimika makwerero. Mwana uja wayamba kulira. Che Saidi aima, phazi limodzi pamakwerero.

Atsitsa phazi. "Malata okhomakhoma kuwazula amangobooka. Asiyeni." Nyumba yawo akuti idikira thonje la chaka chamawa.

Basi. Magetsi kulibe, matiresi kulibe, bungwe latidutsa. Denga watipatsa ndi munthu yemweyo amene watiluzitsa. Sindikudziwa ngati ndiwakalipire kapena ndiwathokoze, ndiye ndawaphikira tiyi. Tikumwa pakhonde, mvula yayamba, ndipo m'kati simukudontha.