Banga la Mafuta pa Thabwa la Apongozi

Lolemba

Mayi a Tadala anyamuka m'mawa kupita ku Champiti, mng'ono wawo wachira mwana wamkazi. Abwerako Lamulungu. Mawu awo omaliza ali pakhomo: "Nyemba zili mu poto. Musavutike n'kuphika."

Ndavutika n'kuphika. Masana ndasenda kachewere, ndakazinga tchipisi. Chiwaya chikundiotcha zala, poika palibe, ndachitula pa thabwa.

Thabwa lake ndi lija la mlombwa lomwe timakonzerapo zakudya, loyambira pa zenera mpaka pa chitseko cha khitchini. Analipala ndi manja awo malemu apongozi anga, bambo a mkazi wanga, chaka chomwe tinalowa m'nyumba ino. Chaka chotsatira anatisiya. Mayi a Tadala salola ngakhale kudulirapo anyezi.

Ndachotsa chiwaya. Pali banga lakuda, lozungulira, kukula ngati mbale.

Tchipisi ndadya, kukoma sindinakumve. Komabe masiku alipo ambiri. Banga ndi banga basi.

Lachiwiri

Sopo ndi madzi otentha, katatu. Thabwa likanyowa, banga likusowa. Ndayamba kuimba kanyimbo ka kutchalitchi. Thabwa lauma, banga labwerera pomwe linali.

Ndaitana a Nangondo, oyandikana nafe nyumba. Ayang'ana, agwira pakamwa. "Thabwa la malemu lija? Bambo inu." Kenako akuti phulusa silinama.

Ndapaka phulusa. Tsopano banga lakuda lili pakati, kuzungulira kwake kwatuwa. Likuoneka ngati diso. Ndikalowa m'khitchini likundiyang'ana.

Lachitatu

A Nangondo abwera ndi nzeru ina: ufa wosakaniza ndi soda, ndiuunjike pa banga, uyamwa mafuta wokha. Ndaunjika. Ndapita kudimba kukathirira kabichi.

Zomwe ndapeza pobwera:
nyerere, mzere wautali kuchokera pa zenera;
nkhuku ya a Nangondo ili pa thabwa, ikujompha ufa;
zina zomwe nkhukuyo yasiya, sindilemba;
banga, lili bwinobwino.

Mayi a Tadala aimba foni. Khanda lili bwino, likuyamwa. "Nanga kunyumbako?" Ndati kuli bwino. "Mukuyankha msanga bwanji?" Ndati netiweki.

Lachinayi

Ndakwera minibasi kupita ku Lizulu, ati kukagula tomato. Zoona zake ndikufuna anthu osandidziwa kuti ndiwafunse. Ndikumati ndi mnzanga wina amene zamuchitikira.

Mayi wogulitsa kabichi: mandimu ndi mchere.
Bambo wa nyemba wochokera tsidya la Mozambiki: parafini.
Mayi wina wongodutsa: "Mnzanuyo angouza mkazi wake."
Wokazinga tchipisi pa msewu, yemwe ndamukhulupirira chifukwa mafuta ndi ntchito yake: kuyala pepala pa banga, n'kusita ndi simbi yotentha.

Ndafika, ndakoleza makala, ndayala nyuzipepala yakale, ndasita. Mafuta ena atulukadi, pepala lanyowa. Ndasangalala, ndasitanso mwamphamvu.

Ndasenda pepala. Zilembo zatsalira pa thabwa, zoyang'ana chammbuyo, pamodzi ndi mwendo umodzi wa wosewera mpira. Mandimu ndayesanso. Mwendo sukuchoka.

Tomato ndamuiwala m'minibasi.

Lachisanu

Sanipepala. Ndakwecha kuyambira m'mawa mpaka dzanja kuchita dzanzi. Zilembo zachoka, mwendo wachoka, banga latsala pang'ono. Ndakwechabe.

Tsopano pali chigamba choyera mbee pakati pa thabwa, ndipo palowa. Ndaika dzira kumapeto kwa thabwa kuti ndione. Lagubuduka lokha, lakaima polowa paja.

Maganizo omwe andibwerera:
kulitembenuza thabwa (lakhomeredwa ndi misomali, apongozi sankachita zamasewera);
kuikapo beseni n'kunena kuti ndi malo ake atsopano;
kunamizira nkhuku.

Ndakhala pa mpando nthawi yaitali. Ndakumbukira tsiku lomwe apongozi analibweretsa thabwali pa ngolo. Anali akudwala kale, koma anakana kuti wina awathandize kulikhoma. Atamaliza anauza mwana wawo kuti, "Ine ndilibe ng'ombe zokusiyira, ndili ndi manja okhawa." Ine ndinali pomwepo, nditagwira misomali.

Nyemba zija zasasa. Sindinadye.

Loweruka

Ndapalasa njinga mpaka kwa a Kamwendo, mmisiri amene anaphunzira ntchito ya matabwa kwa apongozi. Kwa iwo sindinanene za mnzanga wina. Ndaulula zonse, ngakhale za mwendo.

Abwera ndi zida zawo. Asisita thabwa ndi chikhato, aima pa chigamba. "Munkafuna kukumba chitsime?" Sanaseke. Ndikanakonda akanaseka.

Apala thabwa lonse, kuchokera ku zenera mpaka ku chitseko, pang'onopang'ono, motsata mizere ya mtengo. Ine ntchito yanga kusesa fumbi ndi kukhala chete. Kenako atulutsa botolo la mafuta opaka matabwa.

Ndati, mafutanso?

"Mlombwa umafuna kudzozedwa. Ili lakhala zaka likungotsukidwa ndi sopo, linali ndi ludzu. N'chifukwa chake linamwa anu aja."

Tapaka kawiri, tapukuta. Thabwa lafiira, mizere yake yatuluka ngati madzi oyenda. Banga ukalifuna uchite kuwerama. Polowa paja pachepa, koma dzanja likupamvabe.

Ndapuma mpweya umene ndakhala nditausunga chiyambire Lolemba.

Lamulungu

Kutchalitchi ulaliki sindinaumve, ndimaloweza mawu opepesa.

Mayi a Tadala afika masana. Chikwama chisanatsike pamutu, ndayamba kufotokoza. Andidutsa, alowa m'khitchini. Aima. Ine ndili pakhomo, mwendo umodzi kunja.

Ayendetsa dzanja pa thabwa. Kenako: "Linkaoneka chonchi tsiku lomwe bambo analikhoma. Ndinali nditaiwala mtundu wake." Apukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Zala zawo zafika polowa paja. Zaima.

"Apa ndi panu?"

Ndati ndi panga.

"A Nangondo anandiimbira Lachiwiri. Ndimafuna ndione ngati munena nokha."

Sabata yonse, ine ndikuonda, iwo akudziwa.

Sanakalipe. Andifunsa ngati mafuta a a Kamwendo atsalako. Ndati atsala theka la botolo. Ati mipando ya pabalaza ndi bambonso anapanga, nayo ili ndi ludzu, ndiponso kabati, ndiponso chitseko cha kuchipinda. Andipatsa kansanza.

Ndikulemba izi zala zikuterera, mpando wachiwiri ukuuma pa khonde. M'khitchini akudula anyezi pa mbale, akuimba. Mawu opepesa aja onse anditsalira m'kamwa, ndipo palibe amene akuwafuna.