Phula la a Zakeyo

Mwambi uja mumaponyerana mukamasekana, ana inu, unayamba motere.

Kunali bambo wina, a Zakeyo, amene anakagwirako ntchito kumigodi ku Joni, ndipo chibwerereni ankati palibe chilankhulo chowasowa. Koma mapazi awo, mayo ine! Anang'ambika ming'alu yoti nkubisamo njere ya chimanga. Loweruka likudzalo kunali chinkhoswe cha mwana wa mlongo wawo kuseri kwa phiri, ndipo nkhoswe anali iwowo. Akanalephera kuyenda, ukwati wa mwanayo ukanaima.

Choncho anatsimphina mpaka kuchipatala cha mishoni. Dokotala anali mlendo, mayi wa ku Iguputo wosadziwa Chichewa, ndipo namwino womasulira anali atapita kumaliro. Mayiyo anaona mapazi aja, nawapatsa kabotolo ka phula la njuchi losakaniza ndi mafuta. Kenaka anasonkhanitsa nsonga za zala zake, nazigwedeza pafupi ndi chibwano. Kwawoko dzanja lotero limati dikirani pang'ono. Koma kuno, mukudziwa nonse, ndi mbamu yopita kukamwa.

Dokotala atalowa kukatenga beseni la madzi, mayi wina pabenchi ananong'oneza a Zakeyo kuti bwanji ayambe afunsa. A Zakeyo anamuyang'ana cham'mbali.

"Ine wa ku Joni ndizifunsa? Akuti ndidye."

Anapisa chala, nakomba. Phula linakakamira m'mano, iwo n'kumati mankhwala enieni sakoma. Anameza misozi ili lengelenge, mpaka kunyambita chivindikiro.

Pobwera, dokotala anapeza botolo lopanda kanthu, ndevu za mkuluyo zikunyezimira. Podabwa anaika manja onse kumutu. A Zakeyo poona manja a wamaliro anadziwa kuti kwawo kwatha. Anagwa pabenchi nayamba kutsazika, akugawa mbuzi zawo kwa anthu osawadziwa n'komwe.

Apa ndiye pamene ndimamuthokozera dokotala uja. Sanakalipe, sanaseke. Anaona kuti manja ake alankhula zakwawo, ndiye anagwada pansi, dokotala wathunthu, nasambitsa mapazi aja. Anatenga phula lina nawadzoza yekha mng'alu ndi mng'alu, kenaka anagwira dzanja la a Zakeyo naliyendetsa pachidendene mpaka iwo anamvetsa. Mkuluyo analira, manyazi pamodzi ndi kuthokoza.

M'mimba munawavuta ndithu, njira ya kuchimbudzi inayera. Koma Loweruka anakwera phiri, chinkhoswe chinachitika. Pobwerera anapita ndi tambala kuchipatala, namupereka kwa dokotala ndi manja awiri, atagwada. Namwino anali atabwerako, ndipo anawauza kuti dokotala akufunsa ngati mankhwala anagwira ntchito.

"Muwauze kuti zikomo kwambiri," anatero a Zakeyo. "Akumapazi anagwira, akumimba anagwiritsa."

Mayi wapabenchi uja analiponso tsikulo, ndipo ndiye anawomba m'manja nanena mawu amene afika mpaka kwa inu: "Safunsa anadya phula."